Bayokemisitiri ndi Ndowa ya Thobwa

Lolemba

Achemwali aimba foni ndisanatsegule n'komwe shopu. Nkhani ndi ya mwana wawo, Tamanda. Wamaliza chaka choyamba cha sayansi ku yunivesite, ndipo pofika Lolemba likudzali akhale atasankha maphunziro a chaka chachiwiri. Mwanayu amafuna udokotala kuyambira ali wamng'ono, nthawi imene ankabaya amphaka a eni ake ndi minga. Akamaliza digiri iyi akufuna akapemphe malo ku sukulu ya udokotala. Funso ndi limodzi: atenge bayokemisitiri kapena aizembe?

Akaitenga n'kukhoza, ku udokotalako akapeza njira yolambula kale. Akaitenga n'kugwa nayo, malikisi atsika, ndipo anthu osankha ophunzira udokotala sawerenga misozi, amawerenga malikisi.

Achemwali akuti: "Mwini mbumba ndinu, komanso phunzirolo munalilawako. Chimene munene n'chimene tichite. Mutiuze Loweruka ku chinkhoswe cha achinyamata a kutchalitchi aja."

Mwini mbumba! Ku Joni kuno ndilibe ngakhale nkhuku, chipinda changa ku Jeppe n'chongokwana bedi ndi sitovu, koma kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako. Alamu anga, bambo ake a mwanayo, pankhani iyi angathe kungokhosomola.

Zoti ndinalilawako n'zoona. Chimene banja limadziwa: ndinasiya yunivesite kumudzi chifukwa cha fizi. Chimene timadziwa ine ndi kope lino: bayokemisitiri inandigwetsa kawiri, ndipo kachitatu sanandilole kudutsa pageti.

Lero ndili mu shopu ya fotokope. Ntchito zanga:
1. Kulembera anthu makalata ofunsira ntchito zimene ine ndikanazigwira bwino kuposa iwo.
2. Kumata madigiri a anthu ena m'pulasitiki, mosamala, kuti asanyowe.
3. Kusindikiza mapositala a madokotala a pamapolo a magetsi aja, obweza akazi othawa ndi kukulitsa zimene Mulungu anaona kuti zakwana.

Chigamulo changa: asaitenge. Chilombo chimene chinadya malume sichingasiye mphwake. Koma ndikangoti ayi, andifunsa chifukwa, ndipo chifukwacho ndachikhalira zaka makumi awiri ngati nkhuku pa mazira ovunda. Ndiye dongosolo ndi ili:
– Lachiwiri, phunziro loyamba. Ndimuopseze ndi zojambula.
– Lachinayi, labu. Ndimumalize.
– Loweruka, mwana anene yekha kuti wazemba, ine ndigwedeze mutu mwachisoni.

Mwana apulumuka, mbiri yanga ipulumuka. Nzeru ngati izi, dziko linangozitaya!

Lachiwiri

Tamanda wafika masana kuchokera ku Ivory Park, matekisi awiri, atanyamula magwinya atatu, mandasi a kuno, m'pepala. Wapereka moni ndi manja awiri. Mwana woleredwa bwino, zikundivuta kumuwononga, koma ndi ntchito ya umalume.

Ndayala pakauntala pepala lalikulu limene tinalakwitsa posindikiza, kuseri kwake n'koyera. Ndikuti ndijambule gudumu lija losonyeza mmene thupi limawotchera shuga kuti lipeze mphamvu. Masiteshoni asanu ndi atatu, iliyonse ndi dzina lalitali ngati msewu wa ku Midrand. Gudumu limeneli linaliritsa amuna a ndevu m'kalasi mwathu.

Bwalo ndajambula labwino kwambiri, ndazunguliza chivundikiro cha poto.

Dzina loyamba labwera lokha. Lachiwiri labwera likutsimphina. Lachitatu lakana.

Ndamuuza kuti mipata isanu ndi umodziyo ndaisiya dala, ndikumuyesa. Watenga peni. Wadzaza isanu. Akuti patchuthi anabwereka buku kwa mnzake n'kumangowerenga pocheza. Pocheza! Anzake patchuthi amatha mabandulo ndi anyamata, iye akucheza ndi chilombo changa.

Kenako wandiyang'ana mwaulemu kwambiri. "Amalume, mivi yanu ikuzungulira chobwerera."

Ndamuyankha kuti m'nthawi yathu inkazungulira choncho.

Ndimadikira aone kuopsa kwake. Iye akuti gudumulo ndi lokongola, lili ngati matekisi pa renki: aliyense akutsitsa uyu, akukweza uyo, n'kubwerera pomwe anayambira. Walijambula pafoni. Kukongola! Ine ndinkaliona ngati chingwe chodzimangirira.

Tili mkati mwalowa kasitomala wathu wamkulu, dokotala wa mapositala, ndi jasi lake loyera ndi unyolo wonyezimira pakhosi. Wasuzumira pepala lathu, wamva nkhani yonse, waseka mpaka kugwira kauntala. Akuti: "Mwana wanga, usadzivutitse. Ine udokotala ndinangousindikiza pompano. Amalume akowa ndi mboni."

Zoona, ndine ndinamusankhira ngakhale mtundu wa zilembo.

Ndiye mu Joni monse, munthu amene akugwirizana nane kuti mwana asaphunzire bayokemisitiri ndi ameneyu. Zandiwawa pang'ono. Ndadya magwinya awiri, Tamanda limodzi. Phunziro loyamba silinagwire bwino, koma nkhondo ikadalipo.

Lachitatu

Labu ndilibe. Ndili ndi sitovu ya mbale ziwiri, imodzi inafa kalekale.

Yankho ndalipeza m'khonde, pampopi. A Nangozo, a chipinda choyandikana ndi changa, amene amakolopa mufakitale ku Kya Sand, ndiwo apatsidwa ntchito yophika thobwa la chinkhoswe cha Loweruka. Otomerana ndi achinyamata a kutchalitchi kwathu, mwambo uchitikira ku Ivory Park pafupi ndi kwa achemwali. Zikufunika ndowa ziwiri.

Ine ndangonena mongodutsa kuti thobwa ndi sayansi ya ana. M'chimera muli enzayimu, kanthu kosaoneka kamene kamaduladula ufa wa m'phala n'kuusandutsa shuga, n'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kutsekemera. Ndawonjezera kuti amayi akumudzi akhala akuzichita zimenezi mwamwayi chabe, osadziwa chimene akuchita.

A Nangozo sanatembenuke n'komwe, akutsukuluza chikolopa. "Ndiye ndowa imodzi ikhale yanu, a Pulofesa."

Amanditchula a Pulofesa chilowereni m'nyumba muno. Mpaka lero sindinadziwe ngati ndi ulemu.

Ndavomera pomwepo. Labu yapezeka yokha! Mawa Tamanda abwere, ndiziphika, iye azifotokoza chimene chikuchitika m'poto sitepe iliyonse. Papepala aliyense ndi katswiri. Akaona kuti pamoto zinthu sizikongola ngati matekisi, abwerera yekha.

A Nangozo andipatsa gawo langa la chimera cha mawere, chobwera pa basi kuchokera ku Ntcheu, chomangidwa m'majumbo atatu ngati mankhwala oletsedwa. Amafuna andifotokozere kaphikidwe kake. Ndakana mwaulemu. Angondionetsa chala chawo cholozera, akuti labu yawo ndi imeneyo, ndipo sinaphonyepo chiyambire ali namwali.

Chala! Anthu anafika kumwezi, ife tikadali pa chala.

Zida zanga:
– ufa, thumba limodzi
– poto wamkulu, wobwereka kutchalitchi
– mthiko, wobwereka kwa a Nangozo, ndi mtima wowawa
– ndowa ya malita makumi awiri
– themometa yatsopano ya ku famase
– jasi loyera, lobwereka kwa dokotala wa mapositala. Likununkha zitsamba ndi pafyumu, koma likundikhala kuposa mwini wake.

Ndadziyang'ana pagalasi nditalivala. Munthu ameneyu akanakhala kutali.

Lachinayi

Ndaweruka msanga. Tamanda wafika ndi kope ndi peni. Ataona jasi watsokomola nthawi yaitali, akuti ndi fumbi la mu tekisi.

Phala laphikidwa. Likubwata ngati lakwiya ndi munthu.

Ndaviika themometa. Yalira kawiri, yaonetsa chilembo chimodzi, yazima. Tamanda watola kabokosi kake n'kuwerenga: ndi yoyezera malungo a ana, m'khwapa.

Palibe vuto. Wasayansi weniweni zida zimakhala m'mutu. Lamulo ndikulikumbuka bwinobwino ngati dzina langa: kutentha kumafulumizitsa zinthu. Kutentha kochuluka, liwiro lochuluka. Ndiye kudikiranji? Ndakhuthulira chimera chonse phala likadali kubwata, likulavula mpaka pakhoma.

Tamanda akuti: "Amalume, osalisiya kaye lipole?"

Ndamuuza kuti mu labu wophunzira amalemba, safunsa. Walemba. Ndamuponyera mafunso atatu olemera, ena mwa iwo mayankho ake ndimawadziwa. Sanayankhe bwino ngakhale limodzi, maso ali pa poto basi, nkhope yodandaula. Mantha ayamba kulowa. Zikuyenda!

Uku pakhonde a Nangozo aphula poto wawo n'kumuika pansi, akhala pampando, akuluka tsitsi la mnzawo, akukamba za anthu osapezekapo. Ola lathunthu. Sayansi ikudikira miseche. Kenako aviika chala chija m'phala n'kuyamba kutchula mayina a ana awo, onse asanu ndi awiri, kuyambira woyamba. Afika pa wachitatu, chala chathawa. Abwerera ku tsitsi. Patapita nthawi ayesanso. Afika pa wachisanu. Abwereranso. Ulendo wachitatu afika pa chitsirizira chala chikadali momwemo, ndipo m'pamene athira chimera, akutakasa pang'onopang'ono.

Ndafunsa kuti nanga munthu wa ana awiri aphike bwanji thobwa? Akuti abwereke a mnzake.

Chimene sichinandisangalatse: Tamanda waima pa poto wa a Nangozo nthawi yaitali kuposa pa labu yanga. Waviikanso chala chake. Walemba tsamba lathunthu. Ndikukhulupirira akulemba zitsanzo za zinthu zosayenera kuchita.

Langa ndalithira kale mundowa, ndavundikira, ndamata kapepala: OSAKHUDZA, KAFUKUFUKU. Ndamaliza ola limodzi patsogolo pa a Nangozo. Mawa m'mawa likhala litasungunuka, ndingoliwiritsanso n'kuthira shuga.

Sukulu ndi sukulu, ngakhale yosamaliza.

Lachisanu

Ndavundukula ndowa.

Ndavundikiranso.

Ndamwa tiyi. Ndavundukulanso. Palibe chasintha. Mundowa muli chinthu chimodzi, chotuwa, chosalala pamwamba, chooneka ngati chikundidziwa. Ndazika mthiko pakati. Waima wokha ngati mlonda wa pabanki.

Zimene ndayesa:
1. Kuthira madzi. Angokhala pamwamba, sakudziwana ndi za pansi.
2. Kugwedeza ndowa. Chagwedezeka chonse pamodzi, mogwirizana.
3. Kutukwana m'Chichewa, m'Chizulu ndi m'Chingerezi.
4. Kupemphera, pang'ono, mosaonetsera.

Kwa a Nangozo kukumveka thobwa likuwira, lamadzimadzi, fungo lake ladzaza khonde lonse mpaka Mzimbabwe wa kumapeto watulutsa kapu.

Ndili ku shopu, uthenga wa Tamanda wafika. Wautali. Akuti dzulo pobwerera amawerenga pafoni za poto wanga mpaka tekisi inamupitiriza potsikira. Wapeza. Akuti enzayimu ija ili ngati dzira: ikafunda imagwira ntchito mwachangu, inde, koma ikawira imapsa, ndipo dzira lophika silibwereranso kukhala laliwisi. Ine ndinaipha isanagwire ntchito. Chala cha a Nangozo chimadikira pomwe phala lafunda kokwanira kuti enzayimu ithamange, koma osapsa. Wajambulanso kachithunzi: mzere ukukwera, ukufika pamwamba, kenako ukugwa chagada.

Wamaliza ndi mawu akuti: "Amalume, labu yanu yandithandiza kwambiri. Sindimadziwa kuti phunziroli n'lokoma chonchi."

Ndakhala pa bokosi la mapepala. Kachithunzi kameneka ndimakadziwa. Mayeso achiwiri aja, funso lachinayi: jambulani mmene kutentha kumakhudzira enzayimu. Ine ndinajambula mzere wokwera, wokwerabe, mpaka kutuluka papepala. Zaka makumi awiri zapita, funso lomwelo landitsatira kudutsa malire awiri, ndipo ndayankhanso chimodzimodzi. Ulendo uno mundowa.

Uthenga wina: akuti m'malovu a munthu mulinso enzayimu yofanana nayo. Ndaganizira malita makumi awiri aja. Ayi. Ndine mwini mbumba.

Madzulo ndagogoda kwa a Nangozo kuti ndiwauze kuti chimera chawo chinali ndi vuto. Atsegula chitseko. Kumbuyo kwawo kuli ndowa ziwiri zodzaza.

"Ndinaphikiratu ziwiri, a Pulofesa. Chinkhoswe n'cha ana a eni ake."

Anaphikiratu! Kuyambira Lachitatu lomwe ankadziwa. Chipongwe chachikulu chotere, ndipo ndikuyenera kunena zikomo.

Dokotala wa mapositala wabwera kudzatenga jasi lake. Waona ndowa yanga, wapisamo chala, wachitikita, maso awala. Wainyamula yonse. Sindinafunse.

Loweruka

Ivory Park. Tenti yatseka msewu wonse, matekisi akulambalala akutukwana. Ankhoswe apatsana mphatso zawo. Mkwati walandira nkhwangwa yatsopano ya ku hadiweya, munthu amene pakhomo pake palibe mtengo ngakhale umodzi. Nthungululu mpaka ku Tembisa.

Thobwa latha msanga. A Nangozo akuuza aliyense kuti ndowa yabuluuyo ndi ya a Pulofesa. Anthu akubwera kudzandigwira chanza. Abusa akuti lakoma kuposa la mundowa yoyera, akuti maphunziro amamveka pa lilime. Thobwa limodzi, poto mmodzi, chala chimodzi! Tamanda akutsokomolanso. Fumbi la ku Ivory Park.

Sindinakane. Sindinavomere. Ndamwa makapu awiri a ntchito yanga.

Kenako achemwali andikodola. Tapita kuseri kwa nyumba yawo, pa mawaya oyanikira zovala, atatu: iwo, ine ndi Tamanda. Alamu aima patali, akukhosomola monga mwa udindo wawo.

Mawu ndinawakonza bwino: phunziroli ndi lolemera, malikisi ndi ofunika, mwana wamkazi asasenze katundu wosafunika. Ndatsegula pakamwa. Ndayang'ana Tamanda, kope lija lili m'manja ngakhale ku chinkhoswe. Chimene chatuluka ndi china. Ndanena kuti ine phunziroli linandigwetsa kawiri, ndipo nkhani ya fizi ija inali bodza.

Ndimayembekezera kuti wina akomoke. Achemwali angopitiriza kuanula malaya a alamu.

"Achimwene, kalata ya ku yunivesite ija inafikira kunyumba. Amayi sankatha kuwerenga. Mukuganiza anawawerengera ndani?"

Iwowo. Anawerenga kuti ndachotsedwa chifukwa cholephera, n'kuwauza amayi kuti yalembedwa za fizi. Bodza limene ndakhala ndikulisamala ngati langa, analiyambitsa ndi iwo, ine ndinangolipeza lili kale pakhomo. Amayi anamwalira akutukwana boma.

Ndafunsa kuti nanga mwana anamutumiziranji kwa ine, akudziwa zonsezi?

Akuti: "Galu woluma amamudziwa ndi amene analumidwa. Ndimafuna mumuone mwanayu ali pafupi naye, mundiuze ngati akunjenjemera ngati mmene munkachitira inu."

Sakunjenjemera. Sabata yonse ndamuponyera galuyo, iye akumusisita pamutu n'kumupatsa dzina. Ine ndinkaloweza kuti ndithawe. Iye amapitirira potsikira tekisi.

Ndakonza kolala, ndaima ngati mwini mbumba, ndanena mawu amodzi: atenge.

Tamanda wagwada, wathokoza. Podzuka wandipempha ngati angadzagwiritse ntchito nkhani ya ndowa ija m'kalasi. Ndati inde, koma anene kuti anali munthu wina wa ku Zambia.

Lamulungu

Fomu yatumizidwa. Tamanda wanditumizira chithunzi chake: bayokemisitiri, pamzere wachiwiri, yakhala phee ngati sinaphepo munthu. Mwina imugwetsa, mwina ayi. Ikamugwetsa, malume wodziwa pogwera alipo.

Kutchalitchi amayi atatu andipempha kuti ndidzawaphikire thobwa la ubatizo. Ndati ndiona kaye ndandanda wanga.

Pobwerera ndayenda wapansi m'Jeppe. Mapolo onse a magetsi, makoma, ngakhale thanki ya zinyalala, zavala mapositala atsopano a dokotala uja. Mvula ya usiku wathawu inagwa yamphamvu, koma palibe ngakhale limodzi lamatuka. Ndanunkhiza pakona pa limodzi. Mawere a ku Ntcheu! Dokotalayo wanditumizira uthenga: akuti guluu ngati ameneyu sanamuonepo, akufuna ndowa sabata iliyonse.

Zotsatira za sabata:
– Ofuna kuopsezedwa: mmodzi. Oopsezedwa: palibe.
– Chinsinsi cha zaka makumi awiri: sichinali chinsinsi, ndipo sichinali changa.
– Themometa: yamwalira pa ntchito.
– Zimene ndapereka ku zaumoyo m'dziko lino: dokotala mmodzi wam'tsogolo, ndi guluu wa dokotala wabodza.

A Nangozo akuti Lachinayi aphikanso, ndikafuna ndikakhale pampando ndione. Akuti jasi ndisavale. Ndawauza kuti ndibwera ngati woyendera chabe. Akuti chabwino, koma popeza ndilibe ana, ndibwereke awo, ndipo ndifike nditawaloweza onse asanu ndi awiri, mwa ndondomeko yake.

Andilembera pakapepala. Ndakamata m'pulasitiki, mosamala, kuti kasanyowe.

Woyamba wabwera yekha. Wachiwiri wabwera akutsimphina. Wachitatu wakana.